Amamva Koma Samva

"Chingwe chimenecho ndi cha mbuzi," anatero Mailesi.

"Mbuziyo ukaiitana imatembenuka," anayankha mwamuna wake Ezekiele, akupitiriza kumanga mfundo. "Mwana wanuyu ndamuitana kanayi m'mawa uno. Yatembenuka ndi mbuzi."

"Lero wasanduka wanga ndekha?"

"Kuno ndi kwanu, mayi a Chiya, ine ndine mkamwini chabe. Mwana akakhoza amati ndi mbumba ya a Binwell, akalakwa amati ndi magazi a mkamwini. Ndiye lero ndati ndikubwezereni."

Mwana amene ankamukanganiranayo anali pomwepo, pansi pa mtengo wa manachesi, akuzunguza gudumu la njinga ya bambo ake yomwe anali ataigadabuza. Dzina lake ndi Chiyanjano, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi malume ake a Binwell, mchimwene wake wa Mailesi, ndipo ife oyandikana nawo tingachitire umboni kuti pakhomopo chiyanjano chinangotsala m'dzinamo basi.

Chiya sayang'ana munthu m'maso. Ukamuitana sayankha, ukamutuma sapita. Koma si wosalankhula ayi. Vuto lake n'lakuti amalankhula mawu a eni ake. Akamva chinthu kamodzi amachisunga ngati chimanga m'nkhokwe, n'kudzachitulutsa tsiku limene simukulifuna, ndi liwu lenileni la amene anachinena.

Sabata imeneyo anali atachita zitatu. Lamulungu m'tchalitchi, a Binwell, omwe ndi mkulu wa mpingo, atangoti tiyeni tipemphere, aliyense ali zii, panamveka liwu la Ezekiele likuchokera kumbali ya amayi: "Alamu akayamba pemphero, mayi a Chiya, pitani mukatereke nyemba. Zipsa asananene ameni." Ezekiele mwini wake anali kumbali ya abambo, pakamwa ali chitsekere, thukuta lili kamukamu. Lolemba Chiya anathyola manachesi onse aawisi mumtengo wa a Binwell, n'kuwandandalika m'njira, kuyambira lalikulu pakhomo pawo mpaka laling'ono kwambiri pamjigo. Mzerewo unali wowongoka moti amayi opita kotunga madzi ankaulambalala mwaulemu. Lachitatu anasowa kuyambira m'mawa. Anakamupeza ndi bambo ake dzuwa litapendeka, ataima mumtsinje, madzi akumulekeza m'chiuno, akuyang'ana pamene madziwo amazungulira. Ezekiele anabwera naye atamunyamula paphewa. M'mawa mwake ndi pamene Ezekiele anamasula chingwe m'khosi mwa mbuzi.

Mkangano uli mkati, a Binwell anatulukira, buku la nyimbo lili kukhwapa ngakhale linali Lachinayi. Anakhala pampando umodzi wokha wa pakhomopo, n'kuyamikira chingwecho kuti n'cholimba. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire, mkamwini ndi mlamu wake anagwirizana chinthu.

"M'mera mpoyamba, iwe Mailesi," anatero a Binwell. "Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mwanayu akapanda kumva chingwe lero, mawa adzamva mtsinje."

"Mwanayu akudwala, achimwene."

"Akudwala chiyani?"

"Dzina lake sindikulidziwa," anatero Mailesi.

"Waona? Malungo ali ndi dzina. Khunyu lili ndi dzina. Ngakhale chimfine, kanthu kachabechabe, chili ndi dzina lake. Matenda opanda dzina ndi mwano, ndipo mwano mankhwala ake tonse timawadziwa."

"Ndipatseni nthawi ndikalifune dzinalo."

"Ukalifuna kuti? Dzina amagula pagolosale?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Inuyo munayamba kuyenda muli ndi zaka zitatu, amayi sanakumangeni pamtengo."

A Binwell anatsokomola, chifukwa nkhani imeneyo saikonda. Kenaka anagamula monga mwinimbumba. Anamupatsa mlongo wawo masabata atatu. Lamulungu lachitatu, akatuluka m'tchalitchi, Mailesi adzabwere ndi dzina la matenda lochokera kwa dokotala. Likapanda kupezeka, Chiya azidzamangidwa pamtengo wa manachesi tsiku lililonse kuyambira m'mawa mpaka makolo ake ataweruka kumunda. Chingwe anachikoleka pamsomali wa pakhonde, pamene aliyense wolowa m'nyumba ankachiona. Mbuzi inayamba moyo waufulu, ndipo masamba a maungu a mudzi wonse anaudziwa ufuluwo.

M'mawa mwake Mailesi analawirira ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Anapeza mzere wafika kale pamtengo wa bulugamu. Dokotala analipo mmodzi, mnyamata wotopa amene maso ake sankachoka m'buku. Mailesi anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma atakhala pabenchi paja onse anabalalika, n'kutsala amodzi okha amene mudzi wonse unkanena.

"Vuto n'chiyani, amayi?"

"Samva, adokotala."

"Makutu onse awiri?"

Mailesi anaganiza kaye. Kunena zoona, panalibe khutu limene Chiya ankamvera nalo makolo ake.

"Onse awiri."

"Chiyambire liti?"

"Chibadwire."

Anamubaya chala kuti aone malungo, poti kwathu kuno ngakhale utathyoka mwendo amayamba ndi chala. Malungo sanapezeke. Dokotala analemba mankhwala odontheza m'makutu. Mailesi anayesa kufotokoza za manachesi aja, koma dokotala anati zipatso n'zabwino kwa ana, asamuletse. Akutuluka, Chiya anakuwa ndi liwu la dokotalayo kuti, "Wotsatira," ndipo wodwala wina analowadi. Mawu amenewo anabwera nawo kumudzi. Sabata yonse munthu akangotuluka m'chimbudzi cha pakhomopo, ankamva kuti wotsatira.

Ezekiele anawalandira mankhwalawo ndi manja awiri. Madzulo anamugwira mwana, n'kudontheza kumanja kuwiri, kumanzere kuwiri. Anadikira pang'ono monga munthu wodikira tiyi kuti azizire, kenaka anati, "Chiya, kanditengere khasu." Chiya anapita kukazunguza gudumu. Ezekiele anati mankhwala a boma masiku ano amawasungunula ndi madzi.

Koma mbiri inali itawanda kale kuti Mailesi wabwera ndi mankhwala a kusamva. Pofika Loweruka pakhomopo panali mzere woposa wa kuchipatala. Wina anabwera ndi mwana wokana kutsuka mbale, wina ndi mtsikana wa fomu wanu amene foni yake inkalira usana wonse. A Deliwe, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi ya Mailesi, anabwera okha ndi supuni. Anati odwalayo ndi amuna awo a Jameson, ndipo sangayende chifukwa agona pamkeka ndi kachasu wa dzulo. Anakawadontheza ali m'tulo masana dzuwa likuswa mtengo. A Jameson anadzidzimuka, anaganiza kuti wina akuwalodza, ndipo chifukwa cha mantha anasesa bwalo lonse mpaka kuseri kwa khola. Apo mankhwala anatchuka zenizeni. Kabotolo kanatha m'masiku anayi, mwini wake atadonthezedwa kawiri kokha.

Ife tinkaseka, Mailesi nayenso ankaseka nafe. Koma akamalowa m'nyumba ankadutsa pansi pa msomali uja, ndipo kuseka kunkathera pakhonde pomwepo. Lamulungu loyamba linapita.

Anabwereranso kwa dokotala uja kukanena kuti mwana samvabe. Dokotala analemba kalata yoti apite ku chipatala chachikulu akayezedwe makutu ndi makina. Anakwera njinga yamoto ya kabaza, Chiya ali pakati, akulengeza za maliro a anthu a ku Mwanza zimene anamva pawailesi chaka chatha. Wakabazayo anavula chipewa n'kupepesa, ndipo anafunsa ngati mwambo uli lero lomwe.

Woyeza makutu anali bambo wachikulire wansangala. Anamuveka Chiya zomvetsera m'makutu, n'kumuuza kuti akamva kulira akweze dzanja. Chiya sanakweze dzanja. M'malo mwake makinawo akalira, iye ankalira chimodzimodzi. Bamboyo anatsitsa phokoso, Chiya anatsitsanso. Anatsitsa mpaka pamene iye mwini sankamva kanthu, koma mwana ankangoyankhabe. Pomaliza anavula mandala ake n'kunena kuti wagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, koma makutu akuthwa chonchi sanawaonepo. Analemba m'buku la kuchipatala kuti mwana amamva bwino kwambiri, ndipo anamugwira Mailesi chanza ngati wapambana mpikisano.

Mailesi anafunsa dzina la matenda. Bamboyo anati palibe matenda, apite akathokoze Mulungu. Ataona kuti mayiyo sakunyamuka, anamuyang'ananso Chiya, amene tsopano anali pansi akuzunguza kagudumu ka mpando. Anati ngati pali zina abwere Lachinayi la sabata yamawa, kumakhala mayi wina dzina lake Christabel amene amaona ana otere. Mailesi anafuna kufunsa kuti otere otani, koma Chiya anali atanena kale kuti wotsatira.

Palibe mayi anabwererako kuchipatala ali wosweka mtima chifukwa chouzidwa kuti mwana wake ali bwino ngati Mailesi tsiku limenelo. A Binwell anawerenga m'bukumo kawiri, nkhope ili ngwee.

"Basi, nkhani yatha," anatero. "Amamva koma samva. Ngakhale makina a azungu agwirizana ndi ine. Mawu a akuluakulu akoma akagonera."

Mailesi anawakumbutsa kuti Lamulungu lachitatu silinafike. Iwo anati atha kudikira, chingwe sichiwola.

Sichinadikire. Lachiwiri Mailesi anapita kumaliro ku Midzemba, n'kumusiya mwana ndi bambo ake. Ezekiele anali ndi mbatatesi yoti akumbe tsiku lomwelo, ndipo munda wake uli m'mbali mwa mtsinje uja. Tinamuona akuyenda uku ndi uku pabwalo. Kenaka anachotsa chingwe chija pamsomali. Anamanga nsonga imodzi kumtengo wa manachesi, ina kumwendo wa Chiya. Anagwada pamenepo nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Ife tinali patali, tinkati akumukalipira, ndipo a Deliwe anati mkamwini uja tsopano wakhala mwamuna. Ndikunena izi ndi manyazi. Tinaona mwana wa munthu akumangidwa ngati chiweto, ndipo tinapitiriza kutongola chimanga chathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe timangonena pamaliro ndi paukwati.

Mailesi atafika madzulo, anapeza Chiya atazungulira mtengo mpaka chingwe chonse chitathera kuthunthu. Sanadziwe kuti angabwerere njira yomwe anadzera. Anali chiimire, tsaya lili pakhungwa la mtengo, mwendo utasupuka mozungulira. Sankalira. Mailesi sanakuwe, sanatukwane. Anamasula mfundo ija ndi mano, anamusambitsa mwana bala lija ndi madzi amchere, n'kubweza chingwe pamsomali. Mwamuna wake atabwera kumunda anamupatsa madzi osamba ndi chakudya, koma mawu sanamupatse ngakhale amodzi.

Lachinayi anapitanso ku chipatala chachikulu. Linali tsiku la anthu a matenda okhalitsa, a shuga, a khunyu ndi a kuthamanga kwa magazi, ndipo aliyense pabenchipo ankadziwa dzina la matenda ake. Mailesi anawasirira.

Mayi Christabel anali wamfupi, wa nsapato zakutha kuchidendene. Sanafunse kuti vuto n'chiyani. Anayang'ana mwendo wa Chiya, n'kuyang'ana Mailesi.

"Ichi ndi chingwe, eti?"

Mailesi anagwedeza mutu, ndipo misozi imene anaisunga kuyambira Lachiwiri inapeza njira.

Dokotalayo anatseka chitseko n'kukhala pansi penipeni, pasimenti. Anakhuthula zitsekerero za mabotolo patsogolo pa Chiya, ndipo Chiya anazindandalika kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono. Anamuitana dzina, Chiya sanatembenuke. Anafunsa za manachesi, za mtsinje, za gudumu, za zaka zimene anayamba kulankhula, ndipo nkhani ya nyemba itafika anaseka mpaka kupukuta m'maso. Kenaka anatchula dzina. Analankhulanso zina zambiri, mwina theka la ola. Koma munthu amene wakhala masabata atatu akusaka chinthu chimodzi, akachipeza samvanso china. Mailesi ankangovomera kuti inde adokotala, inde adokotala, uku mumtima akulibwereza dzina lija kuti lingamupulumuke. Chiya anali kunsi kwa tebulo, atawafulatira onse awiri.

Pobwerera analinyamula dzinalo pakamwa ngati madzi m'manja. Koma msewu wathu mukuudziwa. Njinga ikagwa m'dzenje, lilime linkalumidwa. Pofika pa Ligowe anali asakudziwanso ngati dzinalo likuyamba ndi o kapena ndi a. Anadzitonthoza kuti palibe kanthu, poti dokotala walemba m'buku.

Lamulungu lachitatu, titatuluka m'tchalitchi, a Binwell anakhala pampando uja pansi pa mtengo wa manachesi. Ezekiele anakhala panjerwa, Mailesi pamphasa. Ife tinabwera ndi malichero a nandolo n'kukhala chapafupi, poti nandolo amasoleka bwino pamene pali nkhani. Chiya anali ndi gudumu lake.

A Binwell anavala mandala awo n'kutsegula buku. Iwo anafika fomu thuu, ndipo Chingerezi chonse cha m'mudzi muno chimadzera kwa iwo. Analiyandikitsa, analitalikitsa, analitembenuza chadodolido. Pomaliza anati pamenepa sipanalembedwe kanthu, panangodutsa nkhuku yonyowa mapazi.

"Tiuze ndi pakamwa, iwe Mailesi. Dzina lija."

Mailesi analisakasaka dzinalo m'mutu.

"Anati... oti... otizimu."

"Oti chiyani?"

"Otizimu, achimwene."

A Binwell anavula mandala pang'onopang'ono. Anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana ife.

"Mwamva nonse. Oti mizimu. Ngakhale dokotala wavomera."

"Ayi achimwene, ndikukumbuka kuti anati si zimenezo."

"Si zimenezo bwanji, pamene mawu akudzinenera okha? Mwana wolankhula ndi liwu la bambo ake, liwu la dokotala, liwu la pawailesi, mumati mumakhala anthu angati m'menemo? Ine ndinkadziwa, koma ndinkafuna sayansi iyambe yanena."

Ndiye anafotokoza dongosolo. Mizimu sichoka ndi panado. Pafunika masiku atatu a mapemphero ndi kusala kudya, mwanayo osalawa ngakhale phala. Ndipo popeza mizimu ikamatuluka imathamangitsa munthu kumadzi, ayenera kumangidwa miyendo yonse iwiri, usana ndi usiku. A Deliwe anafunsa ngati mizimuyo ikatuluka singalowe mwa a Jameson, poti iwo amagona kukamwa kuli yasa. A Binwell anati zimenezo aziona pambuyo pake.

Mailesi anayang'ana mwamuna wake. Ezekiele anayang'ana nyerere. Masabata atatu akuyenda, maulendo anayi, dzina walipeza, ndipo dzinalo ndi limene linabweretsa chingwe cha miyendo iwiri m'malo mwa umodzi. Ndinamumvera chisoni mayi ameneyu kuposa tsiku lina lililonse.

A Binwell ananyamuka okha n'kukachotsa chingwe pamsomali. Anabwera nacho akuchikunga m'manja.

"Alamu, gwirani mwana. Mizimu imeneyi lero iona."

Pamenepo pansi pa mtengo panamveka liwu la mayi amene tonse sitinkamudziwa, liwu lodekha, la munthu wophunzira.

"Otizimu, amayi. O-ti-zi-mu. Si mizimu. Ndikunena kawiri chifukwa kumudzi akakuuzani kuti ndi mizimu. Mudzi uliwonse uli ndi malume mmodzi wodziwa zonse."

Chiya sanatembenuke. Chala chake chinali pagudumu. Anafwenthera m'mphuno monga munthu amene wangolira kumene, ndipo linatuluka liwu la Mailesi.

"Alipo, adokotala. Achimwene anga. Anafika fomu thuu."

Mailesi anaphimba nkhope ndi chitenje. Lichero la a Deliwe linagwa, nandolo n'kumwazika, koma palibe anawerama kuti atole. Liwu la dokotala linapitirira, osathamanga, osadumpha kanthu.

"Si mwano, si ufiti. Simunalakwe inu, sanalakwe bambo ake. Ubongo wake umagwira ntchito mwa njira yake, anabadwa choncho. Mankhwala ochotsa palibe, ndisakunamizeni. Koma angaphunzire zambiri tikamuphunzitsa mwa njira yakeyo. Muzimuuza mawu ochepa, omwewomwewo tsiku lililonse. Za mtsinjezo, mangani mpanda wokhala ndi chitseko. Muzibwera naye mwezi uliwonse, bambo akenso azibwera. Ndipo muzisamala zolankhula, mwanayu amamva zonse. Musamumenye. Musamumange."

Gudumu linaima. Tinkaganiza kuti watha. Analizunguzanso, ndipo ulendo uno liwu linatsika, linakhala la mwamuna, lonjenjemera. Tonse tinalizindikira.

"Khala pompano, Chiya. Sindikukuda ayi. Ndikuopa mtsinje uja. Tsiku lija ndinayamba kuona malaya ako pamwala ndisanakuone iwe. Ndikanadziwa chilankhulo chako ndikanakuuza bwinobwino. Ndine bambo wopusa, mwana wanga, sindikudziwa chochita. Usakawauze amayi ako kuti ndalira."

Ezekiele anali chikhalire panjerwa paja, mutu uli pakati pa mawondo. Awo ndiwo mawu amene ife tinkati akumukalipira. Mailesi anachotsa chitenje kumaso n'kumuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, kwa nthawi yoyamba chichokere Lachiwiri.

A Binwell anasakasaka mwambi, koma tsiku limenelo miyambi yonse inali itapita kumunda. Anayika chingwe pamiyendo ya Ezekiele n'kunena kuti chingwecho n'cha eni ake, iwo angochigwirizira. Anati akanakonda kutseka ndi pemphero, koma kunyumba asiya nyemba pamoto. Mpaka lero amanenabe kuti ndi mizimu. Kungoti amanenera kwawo, chapansipansi, atayamba asuzumira pawindo ngati Chiya ali pafupi.

Ife tinayamba kutola nandolo wa a Deliwe, maso ali pansi. Aliyense ankawerengera mumtima zimene wakhala akulankhula pamaso pa mwana ameneyu zaka zonsezi, poganiza kuti samva.

Ezekiele anadzuka. Anamufunsa mkazi wake kuti nsungwi za mpanda angakadule kwa yani, ndiponso kuti Lachinayi la kuchipatalalo likugwa liti. Mailesi anamuyankha, mawu ochepa koma anayankha. Kenaka Ezekiele anakunga chingwe chija n'kupita kuseri, kumene mbuzi inali kumaliza masamba a maungu a mkazi wanga. Anabwera nayo akuikoka nyanga mpaka pamtengo wa manachesi. Anagwada, n'kuyamba kumanga chingwe m'khosi mwake.

"Musamumange," linatero liwu la dokotala kumbuyo kwake.

Ezekiele anatembenuka. Chiya anali atasiya gudumu. Sankayang'ana bambo ake m'maso, ankayang'ana manja awo ndi mfundo imene anali atayamba. Sitikudziwa ngati ankanena za mbuzi. Bambo akewo sanafunse. Anamasula mfundoyo, mbuzi inadumpha n'kulunjika kumunda wa nandolo wa a Binwell, ndipo palibe anaithamangitsa.

"Ndamva, mwana wanga," anatero Ezekiele. "Ndamva."